Tinaika Mkulu Wanga Osapepesa za Dizilo

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kunena kuti ndinadzuka n'kudzipatsa ulemu. Munthu amene wagona pa saka yopanda kanthu, mutu pa njerwa, sadzuka. Amangoleka kunamizira tulo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo odziwa Feira akudziwa kuti mwezi umenewu usiku sikuzizira, kumangoda chabe. Amuna anali ngundangunda pabwalo, mozungulira chitsa cha mupani chimene chinali kufuka. M'nyumba azimai a kutchalitchi anali atatopa, akukoka nyimbo imodzi pang'onopang'ono ngati bwato lokwera madzi. Mkulu wanga anali m'menemo, m'bokosi. Tinali titamutenga dzulo lake ku chipatala cha mishoni. Chipatala chinati wafa ndi BP. Mudzi unati wafa ndi dizilo. Ine, monga munthu amene anapondako ku koleji, ngakhale ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere chaka chachiwiri chili mkati, ndinakhala mbali ya chipatala.

Chimene chinandikhalitsa tsonga chinali bata. Kwathu kuno m'mbali mwa Zambezi, tsiku loika maliro limayamba ndi phokoso la mapiki ndi mafosholo, asabwira akupita kumanda kuti akakumbe dzuwa lisanakwiye. Asabwira ndi banja limene makolo athu anagwirana nalo chanza kalekale. Iwo amatikumbira manda, kutinyamulira bokosi ndi kutisambitsa m'manja tikabwerako. Ife timawachitira zomwezo. Malipiro awo ndi ufulu wotitukwana pamaliro mmene angafunire. M'bale sakumba manda a m'bale wake. Amati wochita zimenezo akudziyezera ake. M'mawa umenewo mapiki anali chitsamire pa mtengo wa masau, pomwe ndinawasiya madzulo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kukutengerani kuchitsime.

Pa kaphiri ka kumtunda kwa mudzi wathu pali depoti ya mafuta ya kampani ina, yogulitsa dizilo kwa a mabwato akuluakulu, a malo ogona alendo ndi a makina okonza misewu. Pali thanki yaikulu yoti kwaya yonse ingaimbiremo, malo a ovina n'kutsalabe. Kunsi kwa kaphiriko kuli chitsime chathu chakale. Zaka zingapo zapitazo madzi ake anayamba kumveka ngati wina watsukiramo sipanala. Kenaka pamwamba panayamba kuoneka utawaleza. Kenaka utawalezawo unanenepa n'kukhala dizilo weniweni woyandama. Azimai anachisiya chitsimecho n'kuyamba kutunga kumtsinje, kumene munthu amatunga diso limodzi lili pa ndowa, lina pa ng'ona. Amuna, amene chibadwire sanapondepo pachitsime, anachikonda mwadzidzidzi. Ankamanga chidutswa cha matiresi ku chingwe, kuchitsitsa, kuchikweza, kufinyira m'chidebe, kusefa ndi nsalu. Chigayo chinkalira ndi dizilo ameneyo. Mapampu a m'madimba ankayenda ndi dizilo ameneyo. Dizilo wina ankawoloka mtsinje kupita ku Zumbo, tsidya lina, n'kubwerako atasanduka shuga ndi nsapato za ana. Panali akuluakulu ena onena mosaseka kuti pansi pa mudzi wathu pali mafuta ngati kwa Aluya, kungoti athu anabwera osefa kale. Woyang'anira mzere pachitsimepo, wonena amene atsitse matiresi ake poyamba, anali mkulu wa asabwira athu.

Mkulu wanga ndiye anamaliza sukulu m'malo mwa ife tonse. Ankagwira ntchito kumigodi, ku kampani yofufuza ngati matanki akuluakulu a mafuta akudontha. Eni depoti ataona kuti mafuta akuchepa, ndipo atachotsa alonda koma osasintha kanthu, anaitana kampaniyo. Kampaniyo inati tili naye mwana wa komweko. Inkaganiza kuti ikumukomera mtima.

Tsiku lomwe anafika, amalume anamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti munthu wanzeru akakhala kwao amafufuza ndi diso limodzi. Iye anayankha kuti kampani inamulemba ndi onse awiri.

Ntchito yake ndinaionerera ndili kumpanda, pakuti kuonerera ntchito ndiye luso langa. Anatseka mipope yonse yolowa ndi yotuluka kuti thanki ikhale phee. Ankakwera pamwamba, kutsitsa tepi yachitsulo, kuona pamene mafuta alekezera, n'kuyezanso kutentha kwake, chifukwa dizilo amatupa masana n'kuphwa usiku, ndipo munthu wopupuluma angaimbe thanki mlandu pamene wolakwa ndi dzuwa. Anaboola nthaka mozungulira thankiyo n'kumatsitsamo kabotolo pa chingwe, kuti aone chimene chikuyandama pa madzi a pansi. Pomaliza anamata tizipangizo m'mbali mwa thanki, tomvera kaphokoso ka mafuta akamapyola pa kabowo. Tizipangizoto timafuna bata. Ndiye anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti m'mawa wina chigayo chisalire, mapampu asayatsidwe, wosula makasu apume. Mudzi unavomera, pokhulupirira kuti mwana wa mudzi sangapeze chimene mudzi sukufuna kuti chipezeke. Anthu ankayenda monyang'ama, kutontholetsa ana, kunyadira kuti mwana wawo ali ndi makina omva zimene khutu silimva. Tinakhala chete tonse, mwaulemu, kuti makinawo amve bwinobwino pamene dalitso lathu linali kutulukira.

Atakhuthula thankiyo analowamo, mnzake ali pakhomo lake atagwira chingwe. Ankapaka thovu la sopo m'mizere ya zowotcherera za pansi, kuvundikira ndi kabokosi kagalasi koyamwa mpweya, kusuntha, kupakanso, mpaka pamalo ena thovu linayamba kuwira. Bowolo linali ngati njere ya mapira. Analitseka ndi chitsulo chatsopano. Miyezi itapita chitsime chinayamba kuonda, mpaka matiresi ankatuluka ndi fungo lokhalokha. Madziwo sanabwerere mwakale. Iye anati zidzatenga zaka. Choncho amuna anataya dizilo, azimai osabwezeredwa chitsime. Iye ankati mafutawo anali paulendo pansi pa nthaka, kulowera ku mjigo wa kusukulu ndi kumtsinje kumene kuli nsomba zathu. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Koma tsoka limene silinafike lilibe mboni. Kuyambira pamenepo akabwera kumudzi ankalonjeredwa ndi amai ndi agalu basi.

Kutangoyera tsiku la maliro lija, ine ndi amalume tinapita kwa mkulu wa asabwira. Tinamupeza atakhala pa bwato lakale lovundikira, akusoka ukonde, wosafulumira konse.

Amalume anagwada bondo limodzi n'kuomba m'manja. "Asabwira, dzuwa likwera. Munthu wanu akudikirani."

"Uja wa makina?" anatero osadzutsa mutu. "Aitane makina ake amukumbire. Si amamva za pansi?"

Mpaka pamenepo zinali za mwambo, ndipo amalume anaseka monga mwambo ufunira. Koma iye anaika ukonde pansi.

"Sitizakumba. Amai ake abwere pano, agwade pomwe mwagwada inu apo, anene pa gulu kuti mwana wawo analakwira mudzi. Mbuzi sitifuna. Tifuna mawu chabe. Akanena, manje manje, pompano, tanyamula mapiki."

Ndinavula chipewa, popeza ndinaleredwa bwino. "Asabwira, usabwira uli ngati bwato la ku Zumbo, umapita n'kubwera. Atate anu chifuwa chija chili bwanji? Nifunsa chabe."

Anandiyang'ana kuyambira kuphazi. "A Profesa, inu? Inu muzakumbira atate anga? Munalephera kukumba pepala na bolopeni."

Ndinaona kuti mfundo yake inali ndi umboni, ndipo ndinavalanso chipewa. Panjira amalume anandigwira pa chigongono mwamphamvu.

"Iwe mwana, mawu ni mphepo. Amai ako anena pepani, munthu aikidwa, mawa tonse tipatsana moni."

"Amalume, ngati ni mphepo, nanga aja aifuniranji?"

Anati koleji inandiononga m'nthawi yochepa kwambiri.

Titafika kunyumba tinapeza anthu ayamba kuchuluka. Ochokera ku Katondwe anabwera pa njinga, maluwa a pepala atamangidwa pa keriyala. Abale a tsidya lina anakocheza mabwato awo padooko n'kukwera mtunda akulira ndi mawu a Chikunda chakale chimene ife achinyamata timangomva theka. Ogula nsomba amene anagona m'mudzi anabweranso, pakuti munthu sungapakire katundu pafupi ndi maliro ngati sukuona. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali atayalidwa m'mizere, mbuzi itasendedwa, ndowa za madzi a kumtsinje zitandandalikidwa pa mthunzi. Aliyense wofika ankalowa m'nyumba, kulira, kutuluka, kukhala pansi, n'kuyang'ana mapiki aja pa mtengo wa masau. Palibe anafunsa. Nkhani inali itafika kale anthuwo asanafike.

Dzuwa la ku Feira silikwera ngati la kwina, limangofika. Mbuzi zamoyo zinalowa pansi pa nkhokwe. Malata a nyumba anayamba kuthetheka. Azimai ananyowetsa masaka n'kuwayala pansi pa bokosi ndi pamwamba pake, n'kutsekula mawindo onse. Sindinena zambiri pamenepa. Aliyense amene anakhalapo pa maliro a mwezi uno akudziwa kuti thupi silidikira kuti amoyo amalize kukangana.

Ndinalowa kukatenga madzi akumwa. Alamu anga, mkazi wa malemu, anali atagona pa mphasa pambali pa bokosi monga mwambo ufunira, nkhope itaphimbidwa ndi chitenje. Iwo ndi a kumigodi, ndipo wamasiye wa kutali salankhula pa maliro a kwa eni. Pamene ndinkadutsa anandigwira mwendo wa thalauzi, osavundukula nkhope.

"Alamu, musalole," ananong'ona. "Zaka zonsezi sanapepese. Asamupepesere ali gone."

Amalume anasonkhanitsa akuluakulu a banja pansi pa mlambe, ndipo amai anatulutsidwa kudzamva. Ine sindinaitanidwe, choncho ndinafika msanga. Analankhula mmodzimmodzi, aliyense kuyamba ndi kutamanda malemu n'kumaliza ndi kumugulitsa. Anagwirizana kuti dzuwa likafika pamutu amai aperekezedwe kwa asabwira. Amai anangokhala, manja pa miyendo, akuyang'ana nyerere. Sananene inde, sananene iyayi, ndipo akuluakulu anatenga zimenezo ngati inde, monga achitira akuluakulu.

Ndinaimirira, ndinapita pa mtengo wa masau, ndinanyamula piki ndi fosholo. Ndikufuna zidziwike kuti ndinayenda mwaulemu, ngati wonyamula mtanda pa Lachisanu Loyera. Amai anandipeza ndisanatuluke pa mpanda n'kundigwira malaya kumbuyo.

"Nataya kale mmodzi," anatero motsitsa. "Ufuna nitsale na ndani?"

Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinadziwa chimene ankaopa, ndipo kunena zoona ine ndemwe ndinkachiopa pang'ono. Chaka chimodzi ndi theka cha koleji sichichotsa zonse. Ndinawauza kuti ngati agwada, mkulu wanga aikidwa ngati wolakwa, ndipo ana ake adzakula akudziwa kuti agogo awo anavomera. Dzanja lawo linamasuka lokha. Amalume anakuwa kumbuyo kuti ndikatuluka pa mpandapo, zimene zindigwere ndisadzawafunse. Ndinawatsimikizira kuti sindinkawafunsa kale.

Manda athu ali pa chitunda cha miyala, pakati pa mitengo ya mupani imene mwezi uno ilibe tsamba ndi limodzi lomwe. Ndinasankha malo pambali pa atate, ndinalemba mzere ndi chidendene, ndinalavulira m'manja monga ndinkaonera ena, n'kumenya. Piki inadumpha ngati yamenya chitsulo, ndipo nthaka inataya kafumbi kokwana kunusa fodya. Ndinamenyanso. Anyamata a asabwira anali atanditsata n'kukhala pa chulu, ndipo anayamba kundiwerengera mamakisi mofuula. Wina anati ndabwereza kalasi. Wina anafunsa ngati ndikukumba manda kapena ndikudzala mbatata. Matuza anatuluka, anaphulika, anatulukanso ena pansi pa oyambawo. Dzuwa litayandikira pamutu dzenje langa linali lofika m'kakolo, ndipo munthu wachifundo akanalitcha chiyambi.

Ndinamva nsapato zolemera kumbuyo. Anali mwamuna wamkulu thupi, wovala ovolosi ya kampani, thukuta lili chuchuchu. Anali uja ankagwira chingwe pakhomo la thanki. Anayenda usiku wonse kuchokera kumigodi, ndipo atafika pa maliro n'kumva nkhani, sanakhale n'komwe pansi. Ndi Mbemba, ndipo Chinyanja chake chimayenda ndi ndodo.

"Mwaiche, choka," anatero, akunditcha kamwana m'Chibemba. "Ine ndine mbuya wanu, sabwira wa mtundu wanu wonse. Imwe a kum'mawa mukafa ni ise tikushikani m'manda. Mwambo wanu sunigwira."

Ndinamuuza kuti ndayamba kale, ndipo ngati pali tsoka ndalitenga kale, ndiye kulibwino ndilidyerere. Anaganiza pang'ono n'kuvomera, koma anaika lamulo la kuntchito kwawo: m'dzenje mulowa mmodzi, wina akhala pakhomo kumuyang'ana, ndipo wa pakhomo akati tuluka, palibe kukambirana. Anati iye ndi mkulu wanga analowa m'matanki ambiri motero, ndipo palibe tsiku limene anachotsa maso pa iye. Atanena zimenezo anatembenuka n'kuyang'ana mitengo kwa kanthawi. Kenaka anatenga piki.

Ngakhale iye nthakayo inamukana. Ankamenya mpaka mtunda kugwedezeka, koma chotuluka chinali tizibuma tonga mtedza. Dzuwa linafika pamutu. Anyamata a pachulu anaimirira n'kuyang'ana kumudzi, ndipo mmodzi anatiuza mokondwa kuti amai atulutsidwa m'nyumba, amalume ali patsogolo. Ndinakhala pansi pa mulu wathu waung'ono wa dothi. Ndinaganiza kuti ndathyola mwambo, ndaononga manja, ndaopseza amai, ndipo pepani anenedwabe.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake. Njira yopita kwa asabwira imadutsa kuseri kwa nyumba, pa mafuwa. Atafika pamenepo amai anaima, anapinda chitenje kukhala nkhata, anasenza ndowa imodzi ya madzi ophikira, n'kukhotera njira ya kumanda. Amalume anayenda ndithu mtunda akulankhula okha asanazindikire kuti kumbuyo kulibe munthu.

Ife tinangoona mutu wa ndowa ukutulukira m'mitengo. Mkazi safika kumanda bokosi lisanafike, makamaka mai wa malemu. Anyamata aja anatsika pachulu osauzidwa. Amai anafika pa dzenje, anatula, anathira madzi onse pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ngati akuthirira mbewu.

"Dikirani alowe," anatero. "Mukumba ngati anthu osalimapo."

Anatembenuka ndi ndowa yawo. Asanafike patali anakumana ndi ina ikubwera, pamutu pa mai wina wa kutchalitchi. Kumbuyo kwake kunali ina. Posakhalitsa njira yonse inali mzere wa ndowa, zigubu ndi mapoto, ndipo madzi a pa mafuwa atatha mzerewo unayambira kumtsinje. Sankaimba, sankalankhula. Pakati pawo ndinaona mkazi wa mkulu wa asabwira. Atafika pa dzenje anandiyang'ana mokwiya.

"Osaniyang'ana, a Profesa. Nabwera kutaya madzi chabe. Yanali yoipa."

Nthaka inayamba kumvera. Tinkadikira madzi alowe, kukumba mpaka pouma, kutuluka, kudikiranso. Asodzi awiri a tsidya lina anabwera n'kunena kuti iwo mwambo wawo unatsala ku Zumbo, ndipo anatenga fosholo. Ine ndinapitiriza kulowa nthawi yanga ikakwana, Mbemba uja ali pakhomo akundiyang'ana ngati ndine thanki yokayikitsa. Kawiri anandilamula kutuluka, ndipo kawiri konse ndinamvera mofulumira kuposa mmene ulemu ukanafunira.

Kumudzi moto wa pa mafuwa unazima wokha. Mbuzi yosenda ija inangokhala pa mbale, itaphimbidwa ndi masamba. Amuna anakhala pa mthunzi kudikira chakudya chimene madzi ake anali kumanda. Ena anatenga njinga zawo n'kupita. Ndamva kuti mpaka lero pali anthu amene amakumbukira maliro a mkulu wanga ngati maliro a njala, ndipo sindikutsutsa.

Tinanyamula bokosi dzuwa litapendeka. Onyamula tinali ine, Mbemba uja, asodzi awiri aja, katekisiti, ndi mphunzitsi wina wobwera amene anati sakudziwa zimene zikuchitika koma bokosi lili ndi mbali yopanda munthu. Amalume anayenda kumbuyo kwenikweni, pamalo oti wofuna kunena kuti analipo anene, wofuna kunena kuti kunalibe anenenso. Alamu anga anayenda atagwiridwa mbali zonse, koma nkhope anali atavundukula. Azimai anayambitsa nyimbo, mawu ali osasa ndi ludzu. Mphepo yotentha inkachokera kumtsinje, ikunyamula fumbi ndi kulibweza m'maso mwathu. Kumtunda thanki ija inkanyezimira, yopakidwa penti yatsopano, yosadziwa kanthu.

Njira ya kumanda imadutsa pa chitsime chakale. Mkulu wa asabwira anali atakhala pa khoma lake, yekha, miyendo ili lende. Sanaimirire, sanavule chipewa. Bokosi litafika pafupi anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Mumuike pansi kwambiri uyo! Angamve fungo, auke azatseke china!"

Ena anaseka mwamantha, ena anayang'ana pansi. Ine ndinaona kuti pa mawu onse amene ananenedwa tsiku limenelo, amenewa ndiwo anamulemekeza kwambiri mkulu wanga. Ndikanakhala ndi dzanja lopanda ntchito ndikanamuombera m'manja.

Kumanda kunapezeka vuto laling'ono la ukatswiri. Dzenje linali lakuya mokwanira, koma linali lopindika ngati nthochi, chifukwa mbali imene ndinayamba ine inalowera kwina. Bokosi linatsika theka n'kukana. Tinalikweza, Mbemba analowa kukasema m'mbali, tinalitsitsanso, kwaya ikubwereza vesi lomwelo moleza mtima. Kachiwiri linatsika mpaka pansi.

Katekisiti atamaliza mapemphero anafunsa amene anene mbiri ya malemu. Amalume anatsegula pakamwa, koma ine ndinali pamwamba pa mulu wa dothi kale, matope mpaka m'makutu. Ndinanena kumene anabadwira, kumene anaphunzira, ndi ana amene wasiya. Kenaka ndinati munthu uyu anatumidwa kudzafufuza ngati thanki ikudontha. Inkadontha. Ananena kuti ikudontha. Anaitseka. Ndinati ngati alipo wodziwa dzina la tchimo limeneli alitchule tsopano, katekisiti ali pompano, bokosi lisanakwiriridwe. Ndinadikira. Kunangomveka njiwa ndi chifuwa cha amalume. Ndinati banja likuthokoza onse amene anabwera, onse amene anasenza madzi, ndi onse amene anagona ndi njala chifukwa cha ife, koma banja silipepesa kwa wina aliyense. Ndinatsika. Dothi loyamba anaponya alamu anga, ndi dzanja lawo, osadikira kuuzidwa.

Pobwerera panalibe wotidikira pa mphambano ndi mphika wa madzi a mankhwala osamba m'manja, pakuti imeneyo ndi ntchito ya asabwira. Popanda kusamba anthu sakanalowa pa bwalo lathu, choncho anapatukira pomwepo, aliyense njira yake, akupereka moni wa patali. Amalume anandiuza ali tsidya la mpanda kuti usabwira wa makolo watha lero, ndipo wautha ndine. Anati kuyambira tsopano wakufa m'nyumba muno adzionera yekha. Ndinawafunsa ngati adutsa mawa kudzatenga mpando umene anabwera nawo. Anangotembenuka n'kupita. Mbemba uja anasamba ndi sopo wamba kuseri kwa nyumba, anagwada pamaso pa alamu anga ndi amai, n'kuthamangira galimoto ya nsomba yopita ku mseu waukulu.

Madzulo nyumba inali zii. Palibe anabwera kudzasesa, choncho masaka onyowa aja anali pomwepo pansi, ndi malo a bokosi akuonekabe pakati pawo. Alamu anga anagona ndi ana m'chipinda, tulo tawo toyamba chichitikire zovutazi. Pabwalo panatsala mafuwa ozizira ndi njinga imodzi imene mwini wake anaiwala kapena anaopa kudzaitenga. Ndinakhala pakhonde, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, chifukwa sankapindika.

Amai anatuluka ndi beseni la madzi ofunda a mchere, anakhala pansi n'kunditenga dzanja limodzi. Analiviika osandichenjeza. Ndinaona nyenyezi zimene sizinali kumwamba. Anasambitsa chala chimodzichimodzi, kuchotsa dothi m'matuza ndi nsonga ya chitenje. Ndinadikira kuti alire, kapena andikalipire, kapena anene za tsoka limene ndadziitanira. Atamaliza dzanja lachiwiri analigwirabe, akuliyang'ana.

"Manje tilibe wotikumbira," anatero.

"Tilibe, amai."

"Ndiye iwe sufa. Uyamba wanikumbira ine." Anataya madzi a m'beseni pabwalo n'kuimirira. "Koma dzenje langa likawongoke."